Nsomba ya Mano Onga Mphero

Ambiri mwa inu muli ndi abale amene amagwira ntchito ku Beira, ku Maputo kapena ku Durban, ndipo ena munafikako nokha. Kumadoko amenewo munthu akamva dzina lakuti bream amaganiza kuti wapeza chambo, popeza kuno kwathu Azungu ena amatchula chambo ndi dzina lomwelo. Koma nsomba ziŵirizi si zapachibale. Lero tikambe za imodzi mwa nsomba za m'nyanja yamchere zotchedwa ndi dzinali, imene ku South Africa amati Natal stumpnose, ndipo akatswiri amati Rhabdosargus sarba.

Thupi lake ndi lophwatalala ndi lonyezimira ngati siliva, ndipo m'mbali mwake mumadutsa timizere tachikasu totsata mamba. Zipsepse za kumimba nazonso ndi zachikasu. Mutu ndi wobuntha, mchira wamphanda. Ngati mukukayikabe, yang'anani mphuno: chambo chili ndi bowo limodzi mbali iliyonse, pamene nsomba iyi ili ndi aŵiri. Zambiri zimene asodzi amagwira sizipitirira masentimita 45, ngakhale kuti nkhalamba zake zimafika 80.

Tsono umboni weniweni uli m'kamwa. Kutsogolo kuli mano osongoka pang'ono, olumira. Kumbuyo kuli mizere ya mano obulungira, ndipo lomalizira ndi lalikulu kuposa onse, losalala ngati mwala wa mphero. Mano otere ntchito yake ndi kuphwanya zigoba. Nsombayi imadya nkhanu, nkhono ndi tamoyo tina ta zigoba tomatirira pamiyala kapena tobisala mumchenga. N'chifukwa chake zikuluzikulu zimayandikira kugombe, pamene mafunde amasweka ndi kuvundula mchenga, makamaka kukada. Chambo, chimene chimadya ndere ndi tizakudya tosaoneka ndi maso toyandama m'madzi, mano otere chingatani nawo?

Nsombayi imapezeka kuchokera ku Red Sea, kutsika gombe lonse la kuvuma kwa Africa, mpaka ku Japan ndi ku Australia, kumene amaitcha tarwhine. Imaikira mazira m'nyanja, koma ana ake sakulira m'nyanjamo. Amaloŵa m'mathiriro a mitsinje, mmene madzi amchere amasakanikirana ndi a mumtsinje, ndipo amakhala m'menemo mobisika kufikira atakhwima. Chodabwitsa china n'chakuti m'madzi a South Africa zambiri zimayamba moyo zili zazimuna, kenaka zikakula zimasanduka zazikazi. Msodzi wotola zikuluzikulu zokha ndiye kuti akutha amayi.

Kudalira mathiriro kumeneku kuli ndi ngozi yake. Nyanja ya St Lucia, ku KwaZulu-Natal, ndi malo aakulu okuliramo ana a nsombayi. M'chaka cha 2002, nthaŵi ya chilala, khomo lake lotulukira kunyanja yaikulu linatsekeka ndi mchenga, ndipo kupatula miyezi yoŵerengeka ya mu 2007, linakhala lotseka kwa zaka zambiri; mu January 2021 analikumba ndi makina. M'zaka zoyambirira za kutsekekako, oŵedza a m'gombe limenelo anaona nsombayi ikucheperachepera.

Nanga imadyedwa? Inde, ndipo ndi ndiwo yabwino. Mnofu wake ndi woyera, wolimba bwino, ndipo umakoma kuwotcha pamakala kapena kukazinga. Kunena zoona, msuzi wake sungapose wa chambo, koma pamoto wamakala palibe chodandaula. Poikonza chenjerani ndi minga 11 ya chipsepse cha pamsana, chifukwa imabaya.

Kwa abale athu okhala ku South Africa, pali lamulo loyenera kulidziŵa. Kumeneko nsombayi saloledwa kuigulitsa. Woŵedza ayenera kukhala ndi chiphaso, asapitirire nsomba 5 pa tsiku, ndipo iliyonse yosakwana masentimita 25 aibwezere m'madzi. Choncho munthu akakutsatsani Natal stumpnose pamsewu ku Durban, dziŵani kuti akuswa lamulo.