BOKOSI LIMODZI, NJIRA ZIWIRI ZA KANEMA

Mau awa anakambidwa kwa aphunzitsi ndi a m'makomiti a sukulu, ndipo alembedwa pano kuti awerenge ndi ena amene sanali pomwepo.



Nyengo yokolola ikatha, fodya, mtedza ndi soya zitagulitsidwa, anthu ambiri amapita ku tauni kukagula katundu wa m'nyumba. Masiku ano pakati pa katunduyo pamakhala wailesi ya kanema pamodzi ndi kabokosi kace kamene anthu amati dikoda. Ndalama zogulira zinthu zimenezi ndi za thukuta, ndipo nkoyenera kuti wogula adziwe bwino cimene akugula. Tsono nkhani ya lero ndi ya dikoda ya mtundu wina, imene imalandira zithunzi pa njira ziwiri, ya eriyo ndi ya dishi, ndiponso imatha kutepa pulogramu ndi kuisunga kuti ionedwe nthawi ina.

Cifukwa cace pafunika dikoda

Wailesi ya MBC inayamba m'caka ca 1964, koma kanema wa dziko lino anafika mocedwa. Television Malawi inayamba kuulutsa zithunzi m'caka ca 1999, ndipo pambuyo pace inaphatikizidwa ndi MBC. Nthawi imeneyo munthu akakhala ndi TV ndi eriyo pa nsungwi zinali zokwanira. Koma m'caka ca 2006 maiko a mu Afrika, a ku Ulaya ndi ena anakumana ku Geneva pansi pa bungwe la ITU, napangana kuti pofika pa 17 June 2015 asiye njira yakale ndi kulowa njira ya dijito. Ubwino wa njira yatsopanoyi ndi wakuti mu mpata umene kale munkadutsa siteshoni imodzi, tsopano mumadutsa masiteshoni ambiri. Dziko la Malawi linasankha mtundu wa dijito wa DVB-T2, ndipo Boma linakhazikitsa kampani ya Malawi Digital Broadcast Network Limited, imene anthu amaidziwa ndi dzina la Kiliye Kiliye. TV yakale payokha siimva cilankhulo ca dijito. Dikoda ndiye womasulira wace.

Njira ya pansi

Njira yoyamba ndi ya eriyo. Zithunzi zimacokera pa mlongoti waukulu womangidwa pa phiri kapena pa malo ena okwera, ndipo mafunde ace amayenda molunjika, pafupifupi monga kuwala kwa nyali. Mudzi umene uli poonekera umalandira bwino, koma mudzi wa kuseri kwa phiri kapena wa m'cigwa cakuya kawirikawiri sulandira kanthu. Kale mafunde akacepa mphamvu, cithunzi cinkangocita ngati cathiridwa mcenga, munthu nkumaonerabe. Pa dijito sizitero: cithunzi cimaoneka bwino lomwe, kapena cimaima nkumadukaduka, kapena cimazimiratu. Ubwino wa njira iyi ndi wakuti mvula siiibvuta kwambiri, ndiponso ndimo mumadzera masiteshoni a kuno kwathu okamba nkhani za m'maboma, za ulimi ndi za nyengo.

Njira ya kumwamba

Njira yaciwiri ndi ya dishi. Zithunzi zimacokera ku setilaiti imene ili pa mtunda wa makilomita 35,786 pamwamba pa mzere wa ikweta. Pa mtunda umenewo setilaiti imazungulira dziko kamodzi pa tsiku, mofanana ndi m'mene dziko lenilenilo lizungulira, motero kwa munthu ali pansi imaoneka ngati yaima malo amodzi. Ndico cifukwa cace dishi imakhomedwa kamodzi kokha osaisunthanso. Maganizo amenewa anawafalitsa Arthur C. Clarke wa ku Mangalande m'caka ca 1945, ndipo m'caka ca 1964 anthu a ku Amerika anaonera masewera a Olympic a ku Tokyo kudzera pa setilaiti yotere.

Popeza Malawi ali kumwera kwa ikweta, dishi iliyonse ya kuno imayang'ana mbali ya kumpoto, mwina mopendekera kum'mawa kapena kumadzulo. Mtengo wa mango ukakhala kutsogolo kwace umachinga mafunde. Njira iyi imafika pafupifupi pali ponse, ku Nsanje, ku Chitipa ngakhale pa cilumba ca Likoma. Koma ili ndi bvuto lace. Mvula yamphamvu ikamagwa, madontho ace amameza mafundewo asanafike pa dishi, ndipo cithunzi cimasowa mpaka mtambo utadutsa.

Tsono apa pali mfundo yeniyeni. Njira ya eriyo imalephera pa mapiri, njira ya dishi imalephera pa mvula. Pamene ina yafooka, inzace kawirikawiri imakhala ikugwirabe nchito. Ndipo nyengo ya mvula ndiyo nyengo imene anthu amafunitsitsa kumva macenjezo a Boma. Palibe waiwala namondwe wa Freddy amene anakantha cigawo ca kumwera m'mwezi wa March caka ca 2023, napha anthu ambirimbiri. Nyumba imene ili ndi njira ziwiri ili ndi mwai wakumva cenjezo pamene dishi yakhala cete. Komabe wailesi ya mabatire isatayidwe iai, cifukwa magetsi akazima ndiyo imatsala yokha ikulankhula.

Dikoda ya makomo awiri

Kale munthu wofuna njira zonse ziwiri ankagula madikoda awiri, marimoti awiri ndi mawaya ambiri. Tsopano pali dikoda imodzi imene ogulitsa amati kombo. Kumbuyo kwace kuli makomo awiri. Khomo lina ndi lomangira waya wa dishi mocita kupota ngati nati, ndipo pamalembedwa LNB IN. Khomo linalo ndi longolowetsa waya wa eriyo, ndipo pamalembedwa ANT IN kapena RF IN. M'kati mwace muli zochunira ziwiri, cina ca kumwamba, cina ca pansi. Masiteshoni onse amapezeka pa rimoti imodzi, ndipo waya wopita ku TV ndi mmodzi. Kwa banja kapena sukulu imene imadalira sola ndi batire, bokosi limodzi limadya moto wocepa kusiyana ndi mabokosi awiri.

Kutepa

Pa dikoda yotere pamakhalanso khomo la USB, lolowetsapo fulashi kapena hadi disiki. Munthu akakanikiza batani lotepera, pulogramu imene ikuonetsedwa imasungidwa m'menemo. Angathenso kuiuza dikodayo tsiku ndi ola loyambira ndi lomalizira, iye nkupita ku munda kapena ku maliro, nadzaonera madzulo. Kwa aphunzitsi ici ndi cinthu ca mtengo wapatali. Pulogramu ya sayansi kapena ya ulimi imene imaulutsidwa usiku ana ali kwao ingathe kutepedwa ndi kuonetsedwa m'kalasi m'mawa mwace. Mphunzitsi angaiimitse pakati, nafunsa mafunso, naibwereza kwa ana amene sanamvetse, ndipo caka camawa ikhalapobe.

Popeza zochunira zili ziwiri, madikoda ena a mtundu uwu amalola kutepa pulogramu ya pa dishi pamene banja likuonera ya pa eriyo, ndipo mkangano wa mpira ndi nkhani za madzulo umatha. Koma kutepa pulogramu ina ya pa dishi uku akuonera inanso ya pa dishi pomwepo kawirikawiri sikutheka, cifukwa cochunira ca kumwamba ncimodzi. Ola limodzi la zithunzi wamba limadya malo a pakati pa 1 GB ndi 2 GB, ndipo zithunzi zowala kwambiri za HD zimadya oposa pamenepo. Magetsi akazima kutepa kuli m'kati, kutepako kumathera pomwepo, ndipo nthawi zina zimene zinatepedwazo zimaonongeka.

Zimene dikoda iyi siingacite

Masiteshoni a kanema ali a mitundu iwiri. Ena ndi otsegula, oti ali yense aonere mwaulere. Ena ndi okhoma, monga a DStv ndi GOtv a kampani ya MultiChoice, kapena a Azam TV, ndipo amatseguka ndi dikoda ya eni ace okha, munthu atalipira mwezi ndi mwezi. Kombo wamba wa m'sitolo amaonetsa masiteshoni otsegula okha. Wogulitsa akanena kuti bokosi lace limatsegula zonse popanda kulipira, wogula acenjere, cifukwa kapena ndi bodza, kapena ndi kuba kumene lamulo likuletsa, ndipo mabokosi otere amaleka kuonetsa pakapita nthawi, ndalama zitapita kale.

Ndiponso dikoda siilenga mafunde pamene palibe. Ngati m'mudzi monse mulibe nyumba ndi imodzi yomwe imene imalandira zithunzi pa eriyo, khomo laciwirilo lidzangokhala, ndipo nkwabwino kugula dikoda ya dishi yokha. Zotepedwa nazo zili ndi malire ace. Kuonera pa banja nkosiyana ndi kuonetsa anthu molipiritsa pa khomo. A nyumba zoonetsera kanema ayenera kufunsa za cilolezo ku bungwe la COSOMA, limene limateteza nchito za oyimba ndi opanga mafilimu.

Asanapereke ndalama

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Wogula acite zinthu zisanu izi:

1. Ayambe wayendera anansi ace amene ali ndi kanema, aone ngati eriyo imagwira m'dera lao ndi kumene imaloza.
2. Awerenge pa katoni. Payenera kulembedwa DVB-S2 ndi DVB-T2, zonse ziwiri. Bokosi lolembedwa DVB-T yokha, popanda 2, ndi la mtundu wakale, ndipo silimva mafunde a DVB-T2.
3. Apemphe wogulitsa kuti alumikize dishi ndi eriyo pomwepo, aone ndi maso ace masiteshoni amene iye akuwafuna, makamaka a kuno kwathu.
4. Alowetse fulashi, atepe mphindi ziwiri kapena zitatu, nazionere asanacoke.
5. Atenge lisiti lolembedwa dzina la sitolo ndi tsiku, ndipo afunse ngati bokosilo likafa msanga angalibweze.

Kasamalidwe kace

Dikoda imatumiza moto wa mavolti 13 kapena 18 m'waya wopita ku dishi. Cifukwa ca ici, pomanga kapena pomasula waya umenewo dikoda iyambe yazimitsidwa ndi kucotsedwa pa magetsi, kuopa kupsereza za m'kati. Mitambo ya mphenzi ikayandikira, mawaya onse awiri acotsedwe, popeza eriyo ya pa nsungwi yaitali imaitana mphenzi. Amai okonda kukongoletsa m'nyumba asabvundikire dikoda ndi kansalu, cifukwa imafuna mpweya, ndipo ikatentha imafa msanga. Fulashi isazulidwe kutepa kuli m'kati.

Pa sukulu, komiti isankhe mphunzitsi mmodzi woyang'anira dikoda ndi rimoti yace, ndipo pakhale buku lolembamo mapulogramu amene atepedwa, tsiku lace ndi kalasi imene ayenera. Cinthu ca anthu onse cikasowa mwini sicikhalitsa. Mafumu ndi aphunzitsi akupemphedwa kufotokozera anthu ao mau amenewa misika ya zokolola isanatsegulidwe, kuti amene adzapite ku sitolo adzadziwe zofunsa.