Mwana wachepetsa yekha mkaka, kapena tamuchepetsera ndife?

Ambiri mwakhala mukupempha zomwe mnzathu analankhula pa msonkhano wa amayi ku Misuku, m'boma la Chitipa. Nazi, monga analankhulira. Mukawerenga, mutumizireni mnzanu amene mwana wake akuleredwa ndi agogo kumudzi.

Zikomo amayi, zikomo agogo, ndi inu asisi mwabwera kutchuthi kuchokera ku Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre. Ndilankhula m'Chichewa chifukwa cha alendo athu. Mayi ali pambali pangawa azimasulira m'Chisukwa, ndiye ndiziyenda pang'onopang'ono.

Ndiyambe ndi nkhani ya pakhomo pathu. Msuweni wanga amagulitsa m'sitolo ina ku Mzuzu. Atabereka anapuma masabata 8 n'kubwerera kuntchito. Mwana atakwana miyezi 5, ndalama yolipira womulera inasowa, ndiye anabwera naye kuno kwa amayi ake, omwe ndi azakhali anga. Mwezi uliwonse ankatumiza zitini za mkaka pagalimoto, azakhali n'kumakazilandira zikakwera kuchokera pa Kapoka.

Mwana ali ndi miyezi 8, azakhali anaimba foni: "Mwana sakumalizanso botolo." Msuweni wanga analira usiku wonse. M'mawa anandiimbira, akuti, "Ine ndine mayi wanji, wotaya mwana?" Ndinamuuza kuti adikire, ndikaone kaye.

Ndinapeza zinthu ziwiri. Choyamba, mwana anali atayamba phala, ndipo mkaka ankasiyadi. Chachiwiri anandiuza azakhali titakhala awiri kukhitchini, motsitsa mawu. Mtengo utakwera, zitini zinayamba kubwera zochepa. Poopa kudandaulitsa mwana wawo, pofunika masipuni 4 ankathirapo 2, kuti chitini chifike kumapeto a mwezi. Phalanso linali lamadzimadzi, la ufa woyera ndi shuga basi. Titatsegula buku la kusikelo, mzere uja unali utagona miyezi iwiri, osakwera. Mwana ankakhuta, eya, koma ankakhuta madzi.

Azakhali anga si mfiti. Msuweni wanga si mayi woipa. Onse ankachita zomwe akanatha, koma palibe anawauza kusiyana kwa zinthu ziwirizi. N'zimene ndabwerera lero.

Mwana akakwana miyezi 6 n'kuyamba kudya, kuchepetsa mkaka si matenda. Kamimba kake ndi kakang'ono, chakudya chikalowa malo a mkaka amachepa. Koma kuchepako kumayenda pang'onopang'ono, osati lero botolo mawa nsima. Bungwe la WHO limati mwana woyamwa wa miyezi 6 mpaka 12 amapezabe theka la mphamvu zake, kapena kuposa, kuchokera ku mkaka wa m'mawere, ndipo m'chaka chachiwiri amapezabe gawo limodzi mwa magawo atatu. Amene sakuyamwa naye mkaka akuufunabe. Ndiye funso si lakuti wasiya wochuluka bwanji m'botolo. Funso ndi lakuti, m'malo mwa mkaka wasiyawo, m'mimbamo mwalowa chiyani?

Mukafuna kudziwa ngati zili bwino, onani zinthu zitatu. Kodi kusikelo akukwera mwezi ndi mwezi? Kodi akukodza kangapo patsiku, mkodzo wosada? Kodi akusewera, kuseka, kulimbana ndi chilichonse monga mwa masiku onse? Zikakhala choncho, mtima pansi, musamukakamize kumaliza botolo. Koma akakana zonse, mkaka ndi phala lomwe, akamatsegula m'mimba kapena kusanza, akafooka, akatupa mapazi, kapena sikelo ikaima, musadikire tsiku la sikelo. Pitani kuchipatala, kapena muitaneni mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu tsiku lomwelo.

Tsopano za m'mbale. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi muno ndi opinimbira. Anapezanso kuti mwa ana a miyezi 6 mpaka 23, ana 8 okha mwa 100 ndi amene ankadya mokwanira, kutanthauza zakudya zakasinthasintha komanso kangapo patsiku. Mwamva? 8 okha. Ndipo ambiri mwa anawo anali oyamwa bere, osati a chitini. Choncho vuto lalikulu lili m'mbale, pa nthawi imene mwana akuchoka ku mkaka wokha kupita ku chakudya. M'mera mpoyamba, amayi.

Chondipweteka n'chakuti kuno ku Misuku chakudya chilipo. Nthochi zili kuseri kwa nyumba iliyonse. Nyemba timalima, mawere timalima, mapeyala amagwa okha, nkhuku zikuikira. Khofi wathu amamwedwa mpaka kunja kwa dziko lino, koma mwana wa mlimi wa khofi akumwa phala loti ukapendeketsa sipuni limayenderera ngati madzi. Phala la mwana lizikhala lolimbako, lokakamira pasipuni. Muzithiramo nsinjiro, kapena nyemba zophika zokanya, dzira, usipa wosinja, masamba osinja, ndi kasipuni ka mafuta ophikira. Nthochi yakupsa ndi peyala mungokanya, wadya. Ena amati dzira si la mwana. Ndi la mwana, agogo, kuyambira miyezi 6. Pa msinkhu umenewu ayironi amene anabadwa naye m'thupi amakhala akutha, ndipo chiwindi, nyama, nsomba ndi nyemba ndi zimene zimamuteteza ku vuto lochepa magazi.

Kangati patsiku? Miyezi 6 mpaka 8, kawiri kapena katatu, kuyamba ndi masipuni akulu 2 kapena 3, kumawonjezera mpaka theka la kapu. Kuyambira miyezi 9, katatu kapena kanayi, ndi kachipatso pakati. Mwana amene sakuyamwa bere, muwonjezereni chakudya kamodzi kapena kawiri pamwamba pa apo. Akhale ndi mbale yakeyake kuti muone zomwe wadya, asamalimbirane ndi akuluakulu ake.

Pali ziwiri zoti mupewe. Uchi wa kuno ndi wokoma, tonse tikudziwa, koma mwana wosakwana chaka asalawe. Umatha kukhala ndi tizilombo timene thupi lake silingalimbane nato. Tiyi nayenso ayi, amatsekereza ayironi kulowa m'thupi.

Inu amene mukugula chitini, tamverani. Muyezo wolembedwa pachitinipo musausinthe, ngakhale ndalama zitavuta. Madzi akhale owiritsa, ndipo wotsala m'botolo tayani, musasungire madzulo. Kapu imatsukika bwino kuposa botolo. Chitini chikakukanikani, njira ina ilipo. Malangizo a WHO a 2023 amati mwana wa miyezi 6 mpaka 11 amene sakuyamwa angathe kumwa mkaka wa m'chitini kapena wa ng'ombe, wosachotsa mafuta, wowiritsa bwino. Akakwana chaka, wa ng'ombe ndi wokwanira, ndipo zitini zija amati n'za ana okulirapo sizofunika. Koma asanakwane miyezi 6, wa ng'ombe ayi. Ufa woyera wothira mu tiyi uja si mkaka wa mwana pa msinkhu uliwonse. Amalonda sangakuuzeni kuti chitini mungachisiye. N'chifukwa chake mu 1981 mayiko anagwirizana malamulo oletsa kutsatsa mkakawu mwachinyengo.

Inu amene mukuyamwitsa, pitirizani mpaka zaka 2 kapena kuposa. Palibe chitini chimene chimaposa bere. Ngakhale mayi amene ali ndi HIV, akamamwa ma ARV mokhulupirika amalangizidwa kuyamwitsa, ndipo dziko lathu ndi limene linayamba mu 2011 kupereka mankhwalawa kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilomboka.

Koma tisanyozane. Timauza mayi kuti ayamwitse mwakathithi miyezi 6, pomwe lamulo la ntchito la 2000 limamupatsa tchuthi cha masabata 8, kamodzi pa zaka 3. Miyezi 4 yotsalayo aitenge kuti? Mu 2021 lamuloli linakonzedwa: mayi ali ndi ufulu woyamwitsa nthawi ya ntchito, theka la ola kawiri patsiku, ndipo bambo naye ali ndi tchuthi cha masabata 2. Asisi a m'tauni, abwana anu anakuuzanipo zimenezi? Kafunseni. Nanga wogulitsa pamsika, wantchito wapakhomo amene alibe kalata ya ntchito, mayi wothyola khofi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, tchuthi chake amupatsa ndani? Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chitini chinakwera, malipiro a msuweni wanga sanasunthe. Ndipo pa nkhani yonseyi, amene analira usiku ndi mayi, amene anachita manyazi ndi agogo. Bambo wa mwana palibe anamufunsa kanthu. Ndalama ya khofi ikabwera, dzira la mwana likhale pa mndandanda, ndipo abambo azidziwa tsiku la sikelo.

Ndikupempheni ziwiri. Asisi, mukaimba foni kumudzi musamangofunsa kuti chitini chatha. Funsani kuti wadya chiyani lero, kangati, ndipo akujambulireni tsamba la sikelo akutumizireni pa WhatsApp. Agogo, chitini chikachepa nenani, musathire madzi. Palibe adzakudzudzuleni.

Mwana uja tinapita naye kusikelo, anatilangiza, azakhali anayamba kugula mkaka wa ng'ombe kwa aneba ndi kulimbitsa phala. Mwezi wachiwiri mzere unadzuka. Ndi uyo ali apoyo, akukoka chitenje cha agogo ake. Botolo anasiya kalekale.

Amene mwabwera ndi mabuku a kusikelo musachoke, alangizi a zaumoyo ali pano, tiwaonere limodzi.