CHUMA CHA PANSI PA MINDA YA KU KASIYA

Lero tikambirana za miyala imene yapezeka ku Kasiya, ndi m'mene inadzera pansi pa minda yanu.

Kale lomwe, zaka mamiliyoni mazanamazana zapitazo, matope ndi mchenga zinali kuunjikana pansi pa madzi pamodzi ndi zotsalira za tizamoyo tating'ono. Zimenezi zinakwiririka pansi penipeni, kumene kuli kutentha koopsa, ndipo zinapsa ndi kulimba monga lichitira dongo la mbiya pamoto. Zotsalira za tizamoyo zija zinasanduka graphite, mwala wakuda wonyezimira umene uli m'kati mwa pensulo ndi m'mabatire. Momwemo munabadwanso timchenga tolemera totchedwa rutile, timene azungu amapangira utoto woyera ndi chitsulo cha ndege chotchedwa titanium.

Si miyala yonse ya mtengo inabadwa chotere. Ya ku Kangankunde, m'boma la Balaka, inakwera kuchokera pansi ili yosungunuka ndi moto, ndipo iri m'phiri limodzi. Koma kuno dziko ndi lachidikha. Mvula ya zaka zosawerengeka inafumbutsa thanthwe nilisanduka dothi lofewa. Zosungunuka zinapita ndi madzi, koma rutile sawola. Anatsala monga itsalira mphale m'lichero gaga atauluka. N'chifukwa chake wachuluka kufupi ndi pamwamba, pomwe mukulima chimanga ndi fodya.

M'chaka cha 2023 kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals inalengeza kuti ku Kasiya kuli matani 1.8 biliyoni a dothi lotere. Koma mvetsetsani: pa matumba 100 a dothi, thumba limodzi lokha ndilo rutile. Munthu wa khasu sangapindule nalo. Pafunika makina, ndiponso malo aakulu ndithu.

Tsono nkhani ya miyalayi ndi nkhani ya minda. Lamulo la migodi la 2023 likuti miyala ya pansi ndi ya dziko lonse, koma mwini munda ayenera kulipidwa chipukutamisozi, ndipo mgodi waukulu uyenera kupangana ndi anthu a m'deralo za chitukuko. Inu mafumu, musalole kugulitsa malo kwa alendo obwera ndi ndalama m'thumba. Musadinde chala pa kalata imene sanakuwerengereni poyera, pamaso pa a Boma. Pa misonkhano funsani kuti dothi la pamwamba lidzasungidwa kuti, ndipo lidzabwezedwa liti, pakuti mgodi umatha koma ana anu adzafuna polima.

Tsalani bwino.