Makina Ochekera Mitengo: Mau a Mlembi wa Nthambi pa Msonkhano wa Mamembala



Pa msonkhano wapitawo munatituma ife a komiti kuti tifufuze za makina ochekera mitengo, aja anyamata awatcha chainsaw. Ambiri a inu mufuna kuti ndalama zimene tinasonkha zigule makinawa, kuti ticheke bulugama wa m'nkhalango ya mudzi wathu, tipeze matabwa a denga la sukulu ndi a mlatho. Koma agogo ena anafunsa funso lanzeru: kodi chinthu chimenechi chidzakhala nafe zaka zingati tikamachigwiritsa nchito tsiku ndi tsiku? Tabwera ndi yankho. Makinawa angakhale nafe zaka zambiri, ndipo angafenso mwezi usanathe. Zonse zili m'manja mwa wogula ndi wogwira.

Makinawa si achilendo pa dziko lapansi. Andreas Stihl wa ku Germany anapanga ake oyendera magetsi mu 1926, napanga a petulo mu 1929, koma oyambawo anali olemera, ofuna anthu awiri. Unyolo wa mano okhota umene tiuona lero unapangidwa ndi Joseph Cox wa ku Oregon, ataona m'mene mphutsi ya kachirombo imabooleramo mtengo. Husqvarna ya ku Sweden inayamba kupanga makina ake mu 1959. Tsono luso lake ndi lakale, loyesedwa kale m'nkhalango zambiri.

Koma dziwani kuti makinawa alipo a mitundu iwiri. Ena anapangidwira munthu wodula nkhuni pakhomo kamodzikamodzi. Ena anapangidwira odula mitengo tsiku lonse; thupi la injini yake ndi lachitsulo chopepuka chotchedwa magnesium, ndipo akatopa mmisiri angathe kuwamasula ndi kuikamo zipangizo zatsopano. Nchito imene ife tifuna, yocheka matabwa, ndiyo yolemetsa koposa zonse, pakuti unyolo umatsata utali wa mtengo ndipo injini imalira ndi mphamvu yonse nthawi yaitali osapuma. Makina a pakhomo sangapirire zotere. Alipo ndithu ena m'misika opakidwa utoto ndi dzina la makampani odziwika koma ali abodza. Mtengo wake ndi wotsika, koma tsiku limene adzaima, chipangizo chake simudzachipeza.

Tsono mverani zinthu zinai zimene zimapha makina, ngakhale abwino.

Choyamba ndi mafuta. Injini yake ilibe malo osungira oilo monga ya galimoto. Oilo amathiridwa m'petulo mwenimweni. Muyeso umene makampani akulu alamula ndi 50 kwa 1, ndiko kunena mamililita 100 a oilo wake weniweni m'malita 5 a petulo. Munthu akaiwala oilo, kapena akachepetsa kuti asunge ndalama, pisitoni imatentha, imakalika, nigwira, ndipo zimenezi sizitenga tsiku. Kumbukiraninso kuti petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe chiyambire 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba nchito. Petulo wotere amakoka chinyezi akakhalitsa. Chifukwa chake tisasakanize wambiri woposa wa mwezi umodzi, ndipo wa m'zigubu za m'mbali mwa mseu tiupewe.

Chachiwiri ndi pfumbi. Injini imapuma mpweya monga ife, ndipo ili ndi sefa yake. Sefa ikadzaza utuchi mphamvu imachepa. Ikabooka, pfumbi limalowa n'kumadya injini m'kati pang'onopang'ono. Kuyeretsa sefa ndi nchito ya madzulo alionse.

Chachitatu ndi unyolo wobuntha. Amai, inu mudzatimvetsa msanga: unyolo wakuthwa umatulutsa tizidutswa tonga mphale, wobuntha umatulutsa utuchi wosalala wonga ufa. Mukaona ufa, imitsani makina, tengani tupa lozungulira, nolani mano. Wokakamiza unyolo wobuntha amatha petulo, amatenthetsa injini, ndipo amadziika pangozi. Unyolo ukangokhudza dothi kapena mwala wabuntha pomwepo.

Chachinai ndi oilo wa unyolo, amene ali ndi thanki yakeyake. Ambiri amathiramo oilo wakuda wokhetsedwa m'galimoto chifukwa ndi wotsika mtengo. Oilo ameneyo ali ndi zinyalala zimene zimaononga kapampu ndi chitsulo chimene unyolo uyendapo. Chitsulocho chiyeneranso kutembenuzidwa kawirikawiri kuti chisadyeke mbali imodzi.

Ngakhale tisamale chotani, zina zimatha ndithu: unyolo, chitsulo chake, kagudumu koyendetsa unyolo, pulagi, chingwe cholizira ndi matupa. Makolo anati, walira mvula walira matope. Wofuna makina wafunanso ndalama zogulira zimenezi chaka ndi chaka.

Chifukwa cha ichi ife a komiti tipempha msonkhano uno kuti ubvomereze mfundo izi. Tigule makina a nchito yolemera kwa wogulitsa wobvomerezeka, wopereka lisiti, amenenso asunga zipangizo. Ndalama zikapanda kukwana, tidikire kukolola kwina. Ogwira makina akhale awiri okha, osankhidwa ndi inu, ophunzitsidwa bwino, pakuti chinthu cha aliyense sichikhala ndi wochisamala. Awiriwa tiwagulire zoteteza maso, makutu ndi miyendo, chifukwa nsonga ya makinawa ikagunda nthambi amadumphira kumaso kwa wogwira. Pasakhale kubwereketsa, ngakhale kwa wachibale wa Pampando kapena wa Mlembi. Pakhale buku lolembamo tsiku, maola, malita a petulo ndi matabwa ochekedwa, ndipo liziwerengedwa poyera pa msonkhano uliwonse. Pa ndalama za matabwa ogulitsidwa, gawo lina lizisungidwa kwa Msungichuma kuti likhale la zipangizo zokha.

Tisanakhale pansi, tinene chinthu chimodzi chimene chatisowetsa tulo. Makina osamalidwa bwino angathe kukhalitsa koposa nkhalango yathu. Mtengo umene amuna awiri a sowo anali kuucheka masiku, makinawa autha dzuwa lisanapendeke, ndipo amataya thabwa lambiri m'utuchi chifukwa unyolo ndi wonenepa. Tonse tamva za Chikangawa, nkhalango ya paini ya mahekitala 53,000, m'mene moto ndi kucheka kopanda kubzala zinaisiyira zitsa m'madera ambiri. Lamulo la Zankhalango la 1997, limene chilango chake chinaonjezedwa mu 2020, liletsa kudula m'nkhalango za boma popanda chilolezo. Tsono makina a nthambi yathu asadzaloweko, ndipo asadzakhudze mbawa kapena mlombwa wa m'mbali mwa mtsinje. Mitengo yodula aziionetsa ndi mafumu pamodzi ndi komiti ya zachilengedwe, ndipo dzinja lililonse tizibzala yoposa imene tadula.

Ndalamazi ndi zanu, munazipeza ndi khasu. Ife tanena zimene tinapeza; kugamula ndi kwanu. A Pampando, tabweza mau kwa inu.