Ndani wamuona ndi maso ake?

Andipatsa mphindi khumi basi, ndiye ndisazungulire. Mutu ndi wa mmene anthufe timachitira zinthu tikakhala pagulu. Ndinakonza zolankhula zaulemu ndithu, koma usiku wathawu ndinang'amba pepalalo. Ndiyamba ndi nkhani imene imandichititsa manyazi.

Chaka chatha, nditangomaliza mayeso a MSCE, ndinkathandiza amalume kugulitsa kaunjika tsiku la msika pamalo ena kuno kwathu. Cha m'ma 11 koloko kunamveka mfuu: "Wakuba! Wakuba!" Mnyamata wina, msinkhu wa mng'ono wanga, ankathawira kumene amaima akabaza. Ine sindinaone kanthu. Foniyo sindinaione, mwini wake sindinamuone. Koma ndinasiya kaunjika wa eni ake pansi, nkuthamanga, nkukuwa nawo. Atamugwira, zibakera zinayamba. Wina anabwera ndi thabwa. Wina kumbuyo anatchula za petulo, ndipo palibe amene anamudzudzula. Inenso ndinangokhala chete.

Amene anaswa zimenezi anali mayi wina wogulitsa tomato, wamfupi, chitenje chili m'chiuno. Analowa pakati nkufunsa kuti: "Ndani wamuona ndi maso ake akutenga foniyo? Abwere apa." Anthu tonsefe, palibe amene anasuntha. Anafunsanso kachiwiri. Kenako bambo wina wa kabaza anati, "Zoona mayi, tipite naye kupolisi." Wachitatu anavomera, wachinayi, ndipo thabwa lija linatsika. Za foniyo anakamaliza ndi apolisi. Chimene chimandisowetsa tulo ine nchoti m'mtima ndinkadziwa kuti sindinaone chilichonse, koma pakamwa panga pankatuluka mawu a anthu ena.

Ndinkaganiza kuti ndine ndekha wopusa chonchi mpaka nditawerenga za munthu wina wa ku America, Solomon Asch. Mu 1951 iye ankaika ophunzira angapo m'chipinda nkuwaonetsa makadi awiri. Pa khadi limodzi pali mzere umodzi, pa linalo pali mizere itatu, ndipo funso nloti mzere wofanana kutalika ndi woyamba uja ndi uti. Funso loti ngakhale mwana wa Sitandade 2 angakhoze. Koma onse m'chipindamo anali atauzidwa kale kuti ayankhe zabodza, kupatula mmodzi yekha amene sankadziwa kanthu, ndipo iyeyo ankayankha chakumapeto. Mwa anthu anayi aliwonse amene anayesedwa, pafupifupi atatu anatsatira yankho labodza kamodzi kapena kuposerapo. Panalibe womuopseza, panalibe thabwa. Kungoti aliyense wanena zina, basi munthu nkukana maso ake omwe.

Gawo limene limandisangalatsa ndi lotsatira. Asch anasintha pang'ono: anaika munthu mmodzi m'gulumo woti aziyankha zoona. Mmodzi yekha. Kutsatira bodza kuja kunatsika kwambiri. Nditawerenga pamenepo ndinakumbukira mayi wa tomato uja. Bambo wa kabaza ayenera kuti ankaganiza zomwezo kuyambira poyamba, koma ankadikira kuti wina ayambe. Mwina tinalipo ambiri odikira.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo sindikutsutsa. Kilabu inoyi ndi umboni: ndani mwa ife akanadzala yekha mitengo ija kusukulu? Koma mitu yambiri imathanso kusenza denga nkukaliika pa nyumba yolakwika, aliyense akuganiza kuti mnzake ndiye akudziwa njira.

Ambirife tinali ana mu 2017 pamene mphekesera za anamapopa zinagwedeza Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka kufika ku Blantyre. Anthu osachepera 9 anaphedwa ndi magulu a anthu, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. Kumayambiriro kwa 2020 anzathu a ku Zambia anaona zofanana: nkhani ya anthu opopera gasi m'nyumba inayambira ku Chingola nkufalikira dziko lonse, ndipo anthu makumi angapo anaphedwa pongowaganizira. Amene ankapha aja sanali zilombo ayi. Anali anthu ngati ife, opita kutchalitchi, osewera mpira, amene wina anawauza kuti "akuti".

Ife a ku Mchinji tiyenera kuchenjera kuposa ena. Galimoto imaima pa Mwami kudikira zikalata, koma mphekesera siima pamzere. Ambirife tili ndi azakhali ku Chipata, asuweni ku Katete, ndipo uthenga wa pa WhatsApp umawoloka malire nsima isanapse. Komanso kuno alendo sasowa: oyendetsa mathiraki, ogula soya ndi mtedza, anthu olankhula Chinyanja cha kutsidya. Mphekesera ikabwera, woyamba kulozedwa chala ndi munthu amene palibe akumudziwa. Ndipo nafenso tikangodutsa malirewo kupita ku Kulamba ku Mkaika, osadziwikawo timakhala ife.

Tsopano ndibwere m'nyumba muno, ndipo a tcheyamani mundikhululukire. Mwezi watha tinakambirana za ndalama za m'thumba la kilabu, ngati tigule majezi a timu kapena tibwereke munda wa soya. Anyamata atatu amene amalankhula kwambiri anati majezi. Atafunsa kuti tonse tagwirizana, tonse tinati eee. Inenso ndinati eee. Koma potuluka, pamsewu uja, ndinamva anthu asanu akudandaula kuti majezi sabereka ndalama. Mmodzi mwa asanuwo ndinali ine. Ndiye eee uja anali wa ndani?

Sindikunena kuti majezi ndi oipa, mwina ndiwo abwino. Ndikunena kuti sitinasankhe. Tinangoyang'anana. Asungwana amene alowa kumene kuchokera ku Fomu 2 sanatsegule pakamwa msonkhano wonse, ndipo palibe amene anawafunsa. Munthu akakhala chete timati wavomera, pamene mwina akuopa kusekedwa, kapena akuopa kuti azimutcha wamatama pagulu lathu la WhatsApp usiku womwewo. Ndipo tikunama ngati tinena kuti sitimachita zimenezo. Timaseka, timatumiza tizithunzi tonyoza, munthu nkusiya kubwera, ife nkumati ndi waulesi.

Ndalama zija sitinagwiritse ntchito, zikadali kwa msungichuma. Ndiye ndikupempha kuti Loweruka likubwerali nkhaniyi tiibwereze. Ayambe kulankhula ndi amene alowa kumene, akomiti alankhule pomaliza. Povota, aliyense alembe pa kapepala nkupinda, osati kukweza manja uku tikuyang'ana kumene dzanja la mnzathu lapita. Majezi akapambana, ine ndidzakhala woyamba kupita kukafunsa mitengo ku Lilongwe.

Pempho lina ndi la pagulu la WhatsApp lija. Wina akatumiza uthenga woti kwinakwake kwagwidwa munthu woba ana kapena wopopa magazi, tisanautumize kwa ena, mmodzi wa ife afunse funso la mayi uja. Ndikudziwa kuti woyamba kufunsa amaoneka ngati wodzimva. Ndiye ndikulonjeza pamaso panu kuti amene adzafunse, ine ndidzayankha pansi pake kuti "zoona, ndani wamuona?" kuti asakhale yekha.

Mapepala ovotera ndibweretsa ndine, ndili ndi kope la Biology lotsala masamba.