MFUMU, MVULA NDI KACHISI: ZIMENE UFUMU WA MARAVI UKUTIPHUNZITSA

(Awa ndi mau amene analankhula mmodzi wa ife, mphunzitsi wopuma wa phunziro la mbiri yakale, pa msonkhano wapachaka wa ophunzira akale ku Matope. Tawasindikiza monga momwe anawalankhulira, kuti nawonso amene sanathe kufika amve.)

 

Kalata ya a Mlembi itandipeza yondipempha kuti ndidzalankhule pano, ndinavutika kupeza mutu wa nkhani. Amene anandipatsa mutu ndi mdzukulu wanga wa Fomu 3. Patchuthi anabwera ndi mafilimu awiri otchedwa Dune, ochokera m'buku la Frank Herbert limene linatuluka mu 1965. Nkhani yake njopeka. Ikukamba za ufumu waukulu wa m'nyenyezi, za dziko lachipululu kumene dontho la madzi liposa ndalama, ndi za mnyamata amene anthu anamuyesa mpulumutsi, iye nakwera pa mpando waufumu atakwera pamsana pa chikhulupiriro chawo. Titatha kuonera, mwana uja anati, "Agogo, koma azungu amaganiza! Ufumu woyendera chipembedzo ndi madzi?"

Ndinaseka, koma mumtima ndinachita manyazi. Ndaphunzitsa ana a eni zaka 30, koma wa m'nyumba mwanga momwe sadziwa kuti ufumu wotere unaliko pa nthaka yomwe tapondayi. Tsono zimene ndikadamuuza iye tsiku lija ndikuuzani inu lero.

Tonse tinaloweza maina atatu aja pokonzekera mayeso: Kalonga, Undi ndi Lundu. Kalonga anali ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza. Undi anapatuka nakakhazikika ku Maano, dera limene lero lili m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Lundu analamulira chigwa cha Shire kuchokera ku Mbewe, ku Chikwawa. Tinalemba zimenezi, tinakhoza, tinaiwala. Funso limene sitinadzifunse ndi ili: kodi anthu opanda galimoto, opanda lamya, opanda kalata, anamanga bwanji pamodzi dziko loyambira ku Luangwa mpaka kutsidya kwa Shire?

Yankho loyamba ndi lakuti mphamvu anazigawa pawiri. A Phiri, amene anabwera pambuyo, anatenga ufumu. A Banda, amene akuluakulu amati anawapeza kale m'dziko, anasunga nthaka ndi akachisi a mvula. Kalonga ankayenera kubadwa kwa Nyangu, mai wa fuko la Phiri, pakuti kwathu kuno ufumu umatsata bere la amai. Wolowa m'malo ndi mphwake kapena mwana wa mlongo wake. Koma Kalonga yemweyo ankayenera kukhala ndi Mwali, mkazi wa mwambo wochokera kwa a Banda. Choncho mkondo unali m'dzanja la wina, mvula m'dzanja la wina, ndipo aliyense ankamufuna mnzake.

Kachisi wamkulu anali ku Msinja, m'mbali mwa mapiri a Dzalanyama, pafupi ndi Kaphirintiwa pamene makolo ankati ndi pamene anthu oyamba anaponda thanthwe likali lofewa. Mwini wake anali Makewana, kutanthauza mai wa ana onse, amene ankatengedwa ngati mkazi wa Chisumphi. Sankameta tsitsi, poopa kuti kumeta kungadule mvula. Ankatumikiridwa ndi anamwali otchedwa matsano, ndiponso mwamuna wa udindo wa Kamundi, woimira nsato. Kunalinso ng'oma yopatulika yotchedwa mbiriwiri. Chilala chikagwa, mfumu ngakhale yaukali bwanji inkatumiza mphatso ku Msinja ndi kudikira yankho. Taganizani, amai ndi abambo: m'dziko la alimi a mapira, amene ali ndi mau pa mvula ali ndi mau pa chilichonse.

Yankho lachiwiri ndi mwambo wa mlira. Chaka ndi chaka mafumu a banja la Phiri ankasonkhana ku likulu kukalemekeza mzimu wa Kalonga amene anawatsogolera polowa m'dziko muno, ndipo mwambowo unkatha ndi kutentha tchire la Marimba m'mbali mwa nyanja. Kunali kupembedza, inde, komanso ndi pomwe Kalonga ankawerengera anthu ake. Wobwera waonetsa kuti akali pansi pa mfumu. Wosabwera wadziulula yekha. Mitulo nayo inkayenda njira yomweyo: minyanga ya njobvu, zikopa za mikango ndi akambuku, makasu ndi zakudya. Mfumu yanzeru sinkadya yokha. Zina inkagawira ansembe a ku akachisi, zina alendo, zina inkasunga kudikira chaka cha njala.

Musayese kuti awa anali anthu a kutchire osadziwa za kunja. Dr. Yusuf Juwayeyi, katswiri wathu wofukula zakale, anakumba ku Mankhamba napeza mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja ya mchere, zidutswa za mbale zadothi za ku China, mkuwa ndi minyanga yosemedwa. Zonsezi anazilemba m'buku lake la mu 2020. Katundu wa ku China anafika ku Mtakataka zaka mazana ambiri msewu wa tara usanalotedwe.

Tsono ife a kuno ku Neno nkhaniyi ikutikhudza pafupi. Zolemba za Apwitikizi zimatchula mfumu yamphamvu dzina lake Muzura. Mu 1608 Muzura anatumiza ankhondo 4,000 kutsidya kwa Zambezi kukathandiza Apwitikizi pa nkhondo za m'dziko la Mwenemutapa. Mu 1616 analandira mlendo wachipwitikizi, Gaspar Bocarro, amene anayenda pansi kuchokera ku Tete mpaka ku Kilwa. Mu 1622, mothandizidwa ndi Apwitikizi omwewo, anagonjetsa Lundu. Ndipo akatswiri ena, pofufuza njira imene Bocarro anadzera, amaika mudzi wa Muzura m'dera la Mwanza ndi Neno. Mukamaoloka Wamkulumadzi kapena Lisungwi, dziwani kuti mwina mukudutsa pabwalo la mfumu imene dzina lake linamveka mpaka ku Goa.

Mtsinje wathu wa Shire ukapitirira mathithi onse mpaka ku Nsanje umakafika kwa Mbona. Mbiri yake imasimbidwa mosiyanasiyana, koma mutu wake ndi umodzi. Mbona anali wodziwa kuitana mvula. Anthu amphamvu anamchitira nsanje, iye nathawira kummwera, koma anamlondola namupha, ndipo mutu wake anauika m'nkhalango ya Khulubvi. Chodabwitsa nchakuti wophedwayo ndiye anapambana. Mafumu a m'chigwa, kuyambira Lundu yemwe, anasanduka omangira kachisi wake ndi omupezera mkazi wotchedwa Salima. Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wachikatolika amene anafufuza za Mbona zaka zambiri nalemba buku la River of Blood mu 1992, anaonetsa kuti munthu wogwidwa ndi mzimu wa Mbona ankatha kudzudzula mafumu poyera, kunena kuti mvula yakanika chifukwa cha nkhanza kapena umbombo wawo. Zimene munthu wamba sakadanena pabwalo, zinkanenedwa kukachisi, ndipo mfumu inkamva.

Ndisakunamizeni kuti zonse zinali zokoma. Ufumu umenewu unali ndi nkhondo zake, unali ndi akapolo, unali ndi mwabvi umene unapha osalakwa ambiri. Mtsikana wopatulidwa kukhala wa kukachisi sankafunsidwa maganizo ake. Ndipo pamene mfumu ndi wansembe agwirizana kudyera pamodzi, wamba analibe kothawira. Ichi ndicho chimene mafilimu a mdzukulu wanga akuchenjeza: mpando ndi guwa zikakhala m'manja mwa munthu mmodzi, palibenso womuuza kuti walakwa.

Nanga ufumuwo unatha bwanji? Sunagwe tsiku limodzi. Mafumu aang'ono anayamba kugulitsa okha minyanga kwa amalonda osadzera kwa Kalonga, ndipo mitulo inaphwa. Kenaka malonda a minyanga anasanduka malonda a anthu. M'zaka za m'ma 1800 kunabwera mfuti ndi nkhondo za Ayao ndi Angoni. Kachisi wa ku Msinja anapasulidwa, ndipo Kalonga Sosola anaphedwa m'zaka za m'ma 1860. Pamene David Livingstone ankakwera Shire mu 1859 anapeza mafumu ambiri odziimira paokha, wina osathandiza mnzake. Posakhalitsa sitima za kampani ya African Lakes zinayamba kukocheza pano pa Matope, pamene madzi abata kumtunda kwa mathithi, ndipo dziko linalowa m'manja ena. Komabe muzu sunafe. Mpaka lero Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana mwezi wa Ogasiti ku Mkaika, ku Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005.

A Wapampando, ambiri tili muno ndife Akhristu, ena ndi Asilamu, ndipo sindinabwere kudzauza munthu kuti akathire nsembe pansi pa mtengo. Ndabwera ndi maphunziro awiri.

Loyamba ndi lakuti dziko limafuna mau ena oposa a wolamula. Ife achikulire tikukumbukira Lamulungu la pa 8 Malichi 1992, pamene kalata ya maepiskopi achikatolika inawerengedwa m'matchalitchi. Inanena zimene tonse tinkanong'onezana kuseri. Mipingo ina inaikirapo mlomo, ndipo pa 14 Juni 1993 tinaponya voti ya riferendamu, pa 17 Meyi 1994 tinasankha boma latsopano. Amene ankati azibusa asalowerere za dziko anaiwala kuti kuno kwathu kachisi wakhala akutsina mfumu khutu kuyambira kalekale, ndipo paja wakutsina khutu ndi mnansi. Koma mbusa amene walandira envulopu ya wandale, mau ake athera m'thumba momwemo. Ena mwa inu ndinu akuluampingo, ena makhansala, ena mafumu. Aliyense asunge mpando wake, ndipo alole mnzake kumudzudzula.

Lachiwiri ndi la nthaka. Nkhalango ya Khulubvi yaima mpaka lero chifukwa mwambo suloleza kudulamo mtengo, ndipo manda a m'midzi mwathu ndiwo atsala ndi mitengo yachilengedwe. Makolo ankadziwa kuti pali malo amene nkhwangwa siyenera kufikako, ndipo anaika lamulolo m'manja mwa anthu amene mfumu yomwe inkawaopa. Lero imani pa Zalewa muwerenge matumba a makala. Mapiri amene tinkatolamo masuku tili ana ayera mbee. Dothi lake likutsikira mu Shire kukadzaza madamu a Nkula ndi Tedzani, kumene kumachokera magetsi a dziko lino. Tinaona namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, tinaonanso Freddy mu Malichi 2023. Wootcha makala sindimuweruza, pakuti njala ilibe manyazi. Koma ndikufunsa: malo opatulika athu ife ndi ati, ndipo akuwalondera ndani?

Tsono ndili ndi mapempho atatu kwa bungwe lathu. Poyamba, pa chopereka cha chaka chino tipatulepo ndalama yogulira laibulale ya sukulu mabuku a mbiri yathu, kuyambira Mbiri ya Achewa ya malemu Samuel Ntara. Kachiwiri, tipeze galimoto yotengera ana a Fomu 3 ku Mua, akaone nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya Kungoni, ndipo Mankhamba ali pafupi pomwepo. Kachitatu, tipemphe mafumu athu atipatse malo m'mbali mwa Shire tibzalepo mitengo yachilengedwe, ndipo tigwirizane tonse, mfumu, mpingo ndi sukulu, kuti pamenepo nkhwangwa isafikepo. Mutu umodzi susenza denga.

Inu ana asukulu, onerani mafilimu anu, palibe choletsa. Koma mukapita kutchuthi khalani pansi ndi agogo anu, muwafunse mfunda wawo, kumene makolo awo anachokera, ndi kumene ankapempha mvula. Lembani m'kope zimene akuuzeni, mubwere nazo kwa aphunzitsi anu. Ine ndalonjeza kudzaziwerenga zonse pa msonkhano wa chaka chamawa, Mulungu akatisunga.