Malipiro a Wociritsa Ziweto

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za munthu amene mumamuitana ng'ombe ikagwa m'khola usiku, ndiye wociritsa ziweto.

Kuno kwathu akavalo ndi abulu saoneka kawirikawiri monga ku Dedza, kumene abulu amakoka ngolo. Koma bulu atiphunzitsa kanthu. Nyama imeneyi ikadwala siionetsa. Ingoima duu, nileka kudya, ndipo pamene mwini azindikira, matenda afika kale patali. Kavalo naye satha kusanza, cotero kupweteka kwa m'mimba kungamuphe tsiku lomwelo. Nzeru zodziwira zotere sizibwera m'maloto ai. Munthu amatha zaka pa sukulu, kaya ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu, kaya ku Bunda, kumene oyamba kuphunzira udokotala wa ziweto anatsiriza mu 2019.

Tsono taonani zimene ticita ife. Munthuyo apalasa njinga kucokera kutali, mvula ya ku Mulanje iri pamsana, nabaya ng'ombe yanu ya mkaka ndi mankhwala amene anagula ndi ndarama zace. Inu muti, "Zikomo adokotala, tidzaonana tikalandira za mkaka." Mwezi utha, wina uthanso. Kumbukirani kuti mu November 2023 kwacha inatsika mphamvu ndi 44 pa 100, ndipo mankhwala ambiri a ziweto amacokera kunja. Ndarama zimene munkalipira kale sizigulanso botolo lija.

Nanga mnyamata amene amamnyamulira cikwama, naphunzira kugwira ng'ombe ndi kubaya? Kawirikawiri amalandira nsima yokha. Tsiku lina mudzangomva kuti walowa nchito yothyola tiyi, kapena wapita ku Joni, ndipo zonse anaphunzirazo zapita naye.

Inu anyakwawa, sonkhanitsani eni ziweto pa bwalo, wociritsayo ali pomwepo. Panganani mtengo wa mankhwala pa wokha, wa ulendo pa wokha, ndi wa nchito ya manja ace, osaiwala mnyamata uja. Wa Boma amalandira zace pa mwezi, koma amene munamsankha m'mudzi kuti azitemera nkhuku poopa citopa alibe kwina kodalira koma kwa inu. Cimene mwapangana mucilembe m'buku, ndipo mitengo ikakweranso, mukhalenso pansi.